Mutu 6: Sitima Yopanda Injini: Kuphunzitsa Ana Aang'ono Sayansi ya Roller Coaster

Chiyambi

Mphunzitsi mnzanga, m'mutu uno tikambirana za chinthu chimene ana anu ambiri sadachikwerepo, mwinanso inu amene simudachione ndi maso. Dzina lake ndi roller coaster. Iyi ndi sitima yamasewera imene imapezeka m'malo achisangalalo. Imakwera pamwamba pang'onopang'ono, kenako n'kutsika mwaliwiro, kukhota, kukweranso, nthawi zina mpaka kuzungulira chadodolido anthu ali momwemo akukuwa.

Kuno ku Gaborone sitima yotere idamangidwa ku Lion Park Resort, kunja pang'ono kwa mzinda, mumsewu wopita ku Lobatse. Ku Johannesburg ziliko zingapo pamalo otchedwa Gold Reef City. Tsono inu amene mukuwerenga bukuli muli ku Mchinji, ku Katete kapena ku Angónia mwina mwafunsa kale kuti, "Nanga zimenezi zikundikhudza bwanji ine, amene ngakhale choko chimandisowa?" Funso lanulo ndi lomveka, ndipo yankho lake ndi ili: sitima imeneyi ilibe injini. Chimene chimaiyendetsa ndi chomwecho chimene chimayendetsa katungwe, njinga pamtsetse, ndi mwana amene akutsetsereka pachulu. Choncho sayansi yake ili kale pabwalo la sukulu yanu.

Nkhaniyi si yamasewera chabe. Mwana amene amakumana ndi sayansi koyamba ngati mndandanda wa mawu a Chingerezi oloweza pamtima amafulumira kuganiza kuti phunziroli ndi la anthu ena, osati iye. Maganizo amenewa akakhazikika ali mu Sitandade 3 kapena 4, kuwazula kumavuta. Koma mwana amene adalosera chinthu, n'kuchiyesa ndi manja ake, n'kuona chikuchitika, amadziwa kuti dziko lili ndi malamulo amene iyenso angathe kuwatulukira.

Zolinga

Pomaliza mutu uno, mutha:

- kufotokoza chimene chimayendetsa sitima yopanda injini;
- kufotokoza chifukwa chake chitunda chachiwiri chimakhala chachifupi kuposa choyamba;
- kupanga njanji yoyesera ndi zipangizo zopezeka kwanuko;
- kutsogolera ana a Sitandade 2 mpaka 4 kulosera, kuyesa ndi kunena zimene aona;
- kugwiritsa ntchito ziganizo za ana eni ake pophunzitsa kuwerenga ndi kulemba.

Kodi masewerawa adachokera kuti?

Mbiri yake ikuthandizani, chifukwa ikuonetsa kuti chiyambi chake n'chosavuta. Zaka za m'ma 1600, anthu a ku Russia ankamanga zitunda zamatabwa, n'kuzithira madzi kuti aundane m'nyengo yozizira, kenako n'kumatsetserekapo. N'chifukwa chake mpaka lero anzathu a ku Mozambique, polankhula Chipwitikizi, amaitcha sitimayi montanha-russa, kutanthauza phiri la ku Russia. M'chaka cha 1817, ku Paris kudamangidwa zitunda zotere zokhala ndi ngolo zamateyala zoyenda panjanji.

Ku America nkhani idayambira kuntchito. M'chaka cha 1827, ku Mauch Chunk m'dera la Pennsylvania adamanga njanji yotsitsira malasha kuchokera kuphiri. Ngolo zinkatsika zokha, ndipo nyulu ndizo zinkazikokera kumtunda zikatsitsa katundu. Patapita nthawi anthu adayamba kulipira ndalama kuti akwere nawo pongofuna kusangalala. M'chaka cha 1884, LaMarcus Thompson adatsegula sitima yake ku Coney Island, mu mzinda wa New York. Inkayenda makilomita pafupifupi 10 okha pa ola, liwiro limene wakabaza amalipitirira osatuluka thukuta, komabe anthu ankaima pamzere kuti akwere.

Masiku ano ziliko zina zimene zimachita kuponyedwa ndi makina amphamvu poyambira. Ina yotchedwa Formula Rossa, imene idatsegulidwa ku Abu Dhabi mu 2010, idapangidwa kuti izifika makilomita 240 pa ola. Koma ngakhale zoterezi, zikangoponyedwa zimatsata lamulo lomwe lija la ngolo za malasha. Tiyeni tilione lamulolo.

Zimene inu muyenera kumvetsa musanalowe m'kalasi

Gawo lino ndi lanu, osati la ana. Simudzawauza zonsezi ayi. Koma paja mwana amafunsa pamene simukuyembekezera, ndiye ndi bwino kuti mphunzitsi adziwe zoposa zimene akuphunzitsa.

*Mfundo yoyamba: ulendo wonse umalipiridwa pachitunda choyamba.* Sitima ikamanyamuka, tcheni choyendetsedwa ndi mota chimaikokera pamwamba pa chitunda chachitali kuposa zonse. Ikafika pansonga, tcheni chimaisiya. Kuyambira pamenepo palibenso chimene chikuikankha. Ntchito imene mota idagwira poikweza sidatayike. Yasungika mu sitimayo chifukwa choti ili pamwamba. Ganizirani mayi amene wasenza ndowa yamadzi kukwera nayo chitunda. Akaitaya, madzi amatsika okha. Mphamvu yotsikirayo adaipereka ndi mayi uja pokwera. M'mutu uno tiitcha mphamvu yosungika. Chinthu chikakwezedwa kwambiri, mphamvu yosungika imachulukanso. Zili ngati nkhokwe: zimene mwaikamo pokolola ndi zomwezo mudzadye chaka chonse.

*Mfundo yachiwiri: potsika, kutalika kumasanduka liwiro.* Dziko limakokera chinthu chilichonse pansi. Sitima ikamatsika, mphamvu yosungika ija imasanduka mphamvu ya liwiro, ndipo liwiro limakula kwambiri pansi penipeni pa chigwa. Ikayamba kukwera chitunda china, liwiro limachepa chifukwa likusandukanso kutalika. Pakadapanda chosokoneza chilichonse, chinthu chotsika mamita 5 chikadafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 36 pa ola. Chotsika mamita 20 chikadafika pa makilomita pafupifupi 71 pa ola. Taonani bwino manambalawa: kuti liwiro liwirikize kawiri, kutalika kuyenera kuwirikiza kanayi. Onaninso kuti sitidatchule kulemera kwa chinthucho. Galileo Galilei wa ku Italy, amene ankagubuduza timipira pathabwa lotsetsereka ndipo adasindikiza zimene adapeza mu 1638, adaonetsa kuti kulemera si kumene kumalamula liwiro la kugwa.

*Mfundo yachitatu: panjira pali msonkho.* Mateyala amakhulana ndi njanji, ndipo sitima imalimbana ndi mpweya. Kukhulanaku kumasandutsa gawo lina la mphamvu kukhala kutentha ndi phokoso. Tapakani zikhatho zanu mwamphamvu pompano. Zatentha, eti? Amene mudatsikapo msewu wa Khwekhwerere, wochokera kumapiri a Dedza kutsikira ku Golomoti, mukudziwa fungo la mabuleki a malole. Fungolo ndi kutalika kwa phiri kumene kwasanduka moto m'mabuleki. Mphamvu siifa, imangosintha maonekedwe. Koma imene yasanduka kutentha sibwereranso kudzakankha sitima. Ichi ndicho chifukwa chake chitunda chachiwiri chiyenera kukhala chachifupi kuposa choyamba, ndipo zitunda zimanka zicheperachepera mpaka kumapeto. Akuluakulu adati katungwe n'kukankhana. Ankanena za kuthandizana, koma adanenanso sayansi yoona: katungwe wongomusiya safika pamene adayambira, ndipo popanda womukankha amaima.

*Mfundo yachinayi: chifukwa chake anthu sagwa akazondoka.* Chinthu choyenda chimafuna kupitirira molunjika. Mwala wa mu gulaye umazungulira chifukwa chingwe chikuukoka. Mukangotaya chingwe, umathawa molunjika. Minibasi ikakhota mwaliwiro, thupi lanu limafuna kupitirira kumene linkapita, ndiye mumapanikizika kuchitseko. Isaac Newton adalemba lamulo limeneli mu 1687. Pamene njanji yapindika ngati mkombero wa lichero, sitima imafuna kupitirira molunjika koma njanji imaikhotetsa, choncho sitima imakanikizika kunjanji ndipo anthu amakanikizika kumipando. Pamwamba pa mkombero dziko likukokabe, koma ngati liwiro lili lokwanira, njanji imakhota msanga kuposa mmene sitima ikadagwera, ndiye sitima siisiya njanji. Liwiro likachepa, kampira koyesera kamagwa.

Sitima zenizeni sizidalira liwiro lokha. Zili ndi zomangira anthu, ndiponso mateyala a mitundu itatu: ena pamwamba pa njanji, ena m'mbali, ena kunsi. Mateyala akunsiwa adawalembetsa John Miller mu 1919. Maonekedwe a mkombero nawonso adasintha. Sitima yotchedwa Flip Flap Railway, ya ku Coney Island mu 1895, idali ndi mkombero wozungulira ndendende, ndipo anthu ankapweteka makosi chifukwa cholowa mokhota modzidzimutsa. Mu 1976, Werner Stengel ndi Anton Schwarzkopf a ku Germany adapanga mkombero wopindika pang'onopang'ono m'munsi ndi wopindika kwambiri pamwamba. Mikombero ya masiku ano imatsata maonekedwe amenewa.

Ntchito 1

Tsekani bukuli. Mangani mwala kuchingwe, muupachike panthambi. Ukokereni m'mbali mpaka ukhudze chikhatho chanu, kenako muusiye osaukankha, chikhatho chikhale pomwepo. Kodi ubwerera kudzakhudza chikhatho? Yesani katatu. Lembani m'kope lanu ziganizo ziwiri za m'Chichewa zofotokoza zimene mwaona, ngati kuti mukuuza mwana wa zaka 8.

Yambani ndi zimene ana akudziwa kale

Amene mudaphunzitsapo sukulu za kwacha mukudziwa kuti munthu wamkulu sitimuyamba ndi mawu achilendo. Timayamba ndi khasu, munda, msika, zinthu zimene amazidziwa kuposa ife, kenako n'kumuonetsa kuti zimenezo zimalembeka. Ana ndi chimodzimodzi. Musayambe ndi chithunzi cha sitima ya ku America. Yambani ndi mafunso monga awa:

- Ndani adatsikapo chitunda panjinga osapalasa? Chinkayendetsa njingayo n'chiyani?
- Pakatungwe, ndi pati pamene mumathamanga kwambiri? Ndi pati pamene mumaima kamphindi?
- Mukamatsetsereka pachulu, kuli bwino kuyambira pakati kapena pansonga? Chifukwa chiyani?

Ana a ku Gaborone angatchule phiri la Kgale kapena kotsetserekera kupaki. A ku Zomba angatchule anthu otsika phiri ndi nkhuni panjinga. Landirani mayankho onse osanena kuti ili ndi lolondola, ili ndi lolakwa. Ngati m'kalasi muli mwana amene adakwerapo sitimayi ku Lion Park Resort kapena kwina, mupatseni mpata afotokoze, koma samalani kuti anzake asaone ngati phunziroli ndi la ana a anthu olemera. Mwana wa pachulu ndi mwana wa pasitima adamva chinthu chimodzi m'mimba mwawo. Auzeni zimenezo.

Pambuyo pake jambulani pabolodi mzere wokwera ndi kutsika, n'kunena kuti, "Kuli sitima imene imayenda panjira yotere popanda injini. Tiyeni tipange yathu tione ngati n'zotheka."

Zipangizo

Simufunika kugula kanthu. Aphunzitsi a ku Malawi njira imeneyi mumaidziwa ndi dzina loti TALULAR. Sonkhanitsani izi:

- mateyala akutha a njinga. Mukalidula teyala pamalo amodzi, mumapeza ngalande yotalika mamita pafupifupi 2 imene imapindika yokha;
- makoko a thunthu la nthochi, nsungwi yong'alula yochotsa mfundo, kapena katoni yopinda ngati ngalande;
- timipira tagalasi tomwe ana amaseweretsa, kapena timipira tachitsulo; ngati palibe, zipatso zolimba zobulungira monga mfula, zimene kuno amazitcha morula, zimagwira ntchito pamtsetse wolunjika;
- njerwa zingapo, luzi kapena chingwe, choko kapena makala, kansalu, ndi mchenga pang'ono;
- kachitini kokhala ndi chogwirira cholimba.

Teyala mudule nokha kunyumba, ndipo mukulunge nsonga zake ndi nsalu chifukwa m'mphepete mwake mumakhala waya. Timipira muwerenge popereka ndi polandira. Mwana wamng'ono akhoza kukaika mkamwa kapena m'mphuno, ndipo kameneka kangamutsamwitse.

Maphunziro atatu

Phunziro lililonse litsate masitepe atatu: losera, yesa, nena. Musalumphe sitepe yoyamba. Mwana amene walosera amayang'anitsitsa chifukwa akufuna kudziwa ngati walondola. Amene sadalosere amangoonerera.

*Phunziro loyamba: mtsetse.* Tsamiritsani khoko la nthochi panjerwa imodzi. Funsani ana kuti kampira kakafika pati, ndipo aliyense aike kamwala pamalo amene akuganiza. Mwana mmodzi akasiye kampira pamwamba. Nenetsani kuti akasiye, asakakankhe. Ayeze mtunda ndi mapazi a mwana mmodzi yemweyo, n'kulemba nambala pabolodi. Yesani katatu, chifukwa nambala siidzafanana ndendende, ndipo ana ayenera kuzolowera zimenezo. Kenako ikani njerwa ziwiri, pambuyo pake zitatu. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Mukasintha njerwa, kampira kakhale komweko ndipo pansi pakhale pomwepo. Ana akafuna kusintha zonse nthawi imodzi, afunseni kuti, "Nanga kakapita kutali, tidziwa bwanji chimene chachititsa?" Pomaliza yalani kansalu kapena mchenga kumapeto kwa mtsetse, ndipo aloserenso.

*Phunziro lachiwiri: chigwa.* Ana awiri agwire teyala lodula lija mbali iyi ndi iyo kuti likhale ngati chigwa, pakati pake patagunda pansi. Lembani ndi choko pamene kampira kayambire. Funsani kuti, "Kodi tsidya linalo kakwera kupitirira mzerewu, kafika pomwepo, kapena kalephera?" Awerengeni manja a gulu lililonse, mulembe pabolodi. Ana ambiri amati kapitirira, chifukwa aona liwiro lake. Akayesa, aona kuti kakulephera. Asiyeni ayese njira zawo zonse: kuyambira pamwamba kwambiri, kufutukula chigwa, kusintha kampira. Musawathandize msanga. Pamene atopa n'kunena okha kuti, "Aphunzitsi, sizikutheka," ndiye kuti atulukira lamulo limene mainjiniya onse a sitimazi amaligonjera. Apa bwererani kuchithunzi cha pabolodi chija, muwafunse kuti chitunda chachitali chiyenera kukhala pati. Phunziro ili ndilo mtima wa mutu wonse. Ngati nthawi yachepa, siyani ena koma ili musalisiye.

*Phunziro lachitatu: mkombero.* Pindani mbali imodzi ya teyala kuti ipange mkombero waung'ono, ngalande ili mkati, n'kumanga ndi luzi. Mbali yotsalayo ikhale mtsetse. Ngati yafupika, lumikizani teyala lina. Ntchito ya ana ndi kupeza malo otsikitsitsa amene kampira kangayambire n'kuzungulira osagwa. Ayambe m'munsi, azikwera chikhatho chimodzi chimodzi, akulemba ndi choko. Masamu amati kampira kogubuduzika kayenera kuyambira pamalo okwera kuposa nsonga ya mkombero: ngati mkombero ndi wotalika masentimita 20, poyambira pasachepere masentimita 27 kuchokera pansi pake. Pateyala lenileni, chifukwa cha kukhulana, mudzafunika kukwera kuposa pamenepo. Ana simuwauza manambalawa. Iwo apeza mzere wawo. Tsirizani phunziro panja. Thirani madzi pang'ono m'kachitini, mukazungulitse mwaliwiro ndi mkono kudutsa pamwamba pa mutu. Madzi satayika. Afunseni chimene chingachitike mutachepetsa liwiro, ndipo ngati kunja kukutentha, aonetseni. Mphunzitsi akanyowa pang'ono, ana saiwala.

Mawu abwere pambuyo

Pa sitepe ya "nena" ndi pamene sayansi imakumana ndi kuwerenga. Funsani ana kuti anene zimene aona, inu mulembe pabolodi mawu awo momwe awanenera. Mwina wina ati, "Njerwa zikachuluka, kampira kamapita kutali." Wina ati, "Kampira sikafika pamene kadayambira." Werengani ziganizozi pamodzi, muloze liwu lililonse. Sankhani mawu awiri kapena atatu, monga kwera, tsika ndi liwiro, muwagawe m'maphatikizo, ana apange mawu ena. Kenako akopere chiganizo chimodzi m'makope mwawo ndi kujambula chithunzi chake. Mwana savutika kuwerenga chiganizo chimene wachinena yekha, chonena za chinthu chimene wachigwira yekha.

Pali vuto limodzi la chiyankhulo loti mulidziwe. M'Chichewa liwu loti mphamvu limasenza katundu wambiri. Chingerezi cha sayansi chimasiyanitsa force, energy ndi power, pamene ife zonsezi timangoti mphamvu. M'Chitswana liwu loti maatla limasenzanso katundu wotere. Uku si kuperewera kwa ziyankhulo zathu. Chingerezi cha kumsika nachonso chimasakaniza mawuwa. Chofunika n'choti inu musasinthesinthe. Ponena za kukoka kwa dziko, gwiritsani ntchito mneni: dziko likukoka, dzanja likukankha, njanji ikukhotetsa. Liwu loti mphamvu mulisungire chimene chimasungika pamwamba n'kusanduka liwiro. Ngati sukulu yanu imaphunzitsa m'Chingerezi, perekani liwu la Chingerezi kumapeto, mwana atamvetsa kale chinthucho m'chiyankhulo chake. Dzina limamatirira pa chinthu chimene munthu wachiona.

Zimene ana amaganiza, ndi mmene mungayankhire

Ana sabwera m'kalasi mitu ili yopanda kanthu. Ali ndi mafotokozedwe awo, ndipo ena ndi anzeru ndithu. Nawa atatu amene mudzawamva.

"Kampira katopa." Musaseke. Mwanayu waona zoona, kuti china chake chikuchepa. Mufunseni kuti, "Katopa ndi chiyani? Bwanji pansalu kakutopa msanga kuposa pasimenti?" Kenako onse apake zikhatho. Pang'onopang'ono mawu oti kutopa asanduke kukhulana.

"Cholemera chimafika msanga." Tengani timipira tiwiri topanda mphako mkati, kena kolemera kena kopepukirapo, monga kachitsulo ndi kagalasi. Tisiyeni nthawi imodzi pathabwa losalala. Tifika pafupifupi limodzi. Musagwiritse ntchito mpira wapepala kapena wapulasitiki wamphako, chifukwa mpweya ndi kapangidwe kake zimauchedwetsa, ndipo ana angasokonezeke.

"Pamwamba pa mkombero dziko silikoka." Asiyeni ayambitse kampira m'munsi mwa mzere wawo uja. Kakafika pamwamba n'kugwa, funsani kuti, "Wakagwetsa ndani?"

Njira ndi imodzi m'zitsanzo zonsezi: musatsutse ndi pakamwa, lolani kampira kayankhe.

Nanga kalasi ikakhala yaikulu?

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale ku Malawi mu 1994, aphunzitsi ambiri akhala akuphunzitsa makalasi odzaza kwambiri, ndipo mwina yanu ndi imodzi mwa iwo. Tulukani panja. Gawani ana m'magulu, gulu lililonse ndi njanji yake, ndipo mwana aliyense akhale ndi ntchito: wogwira, wosiya kampira, woyeza, wolemba, wotola, wofotokoza. Ntchitozi zizisinthana. Yang'anirani bwino, chifukwa kawirikawiri anyamata amathamangira kampira, atsikana n'kupatsidwa kope kuti azilemba. Mtsikana amene sadagwire kampira mu Sitandade 3 waphunzira phunziro lina limene inu simudafune kumuphunzitsa. Mwana wosaona bwino angatsate kampira ndi khutu, ndipo kawirikawiri ndiye amayamba kuzindikira pamene phokoso likukula ndi pamene likuchepa.

Ntchito 2

Phunzitsani phunziro lachiwiri sabata ino. Lembani chiwerengero cha ana amene adalosera yankho lililonse, ziganizo zitatu zimene ana adanena, ndi funso limodzi limene lidakuvutani kuyankha. Tumizani zimenezi kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno, kapena kambiranani ndi aphunzitsi anzanu pa tsiku lokumana.

Ndamanga

M'mutu uno taona kuti roller coaster imalandira mphamvu yake yonse poyambira, kuti kutalika kumasanduka liwiro ndipo liwiro limasandukanso kutalika, kuti kukhulana kumatenga gawo lake n'kulisandutsa kutentha ndi phokoso, ndiponso kuti liwiro lokwanira ndilo limadutsitsa sitima pamkombero. Taonanso kuti ana a zaka 7 mpaka 10 angathe kutulukira mfundozi ndi teyala lakutha ndi kampira, malinga inu muwapatse mpata wolosera, woyesa ndi wonena, mawu atsopano n'kubwera pomaliza.

Dziyeseni

1. N'chifukwa chiyani chitunda choyamba chimakhala chachitali kuposa zinzake?
2. Kampira katsika mtsetse wa njerwa imodzi. Mukufuna kuti kafike pansi pa liwiro lowirikiza kawiri. Muika njerwa zingati?
3. Mwana wanena kuti mphamvu ya kampira yatha. Kodi yapita kuti?
4. Tchulani chifukwa chimodzi choyambira ndi kulosera.

Mayankho

1. Chifukwa mphamvu yonse ya ulendo imasungika pamenepo, ndipo ina imatayika panjira, choncho sitima singakwere kuposa pamene idayambira.
2. Pafupifupi zinayi, poti liwiro limawirikiza kawiri kutalika kukawirikiza kanayi.
3. Yasanduka kutentha pang'ono ndi phokoso chifukwa cha kukhulana ndi njanji, pansi ndi mpweya.
4. Mwana amayang'anitsitsa zotsatira, ndipo inu mumadziwa zimene akuganiza musanayambe kuphunzitsa.

Ngati mwakhoza mafunso atatu kapena onse, pitirirani ku mutu wotsatira. Ngati ayi, werenganinso mfundo zinayi zija, mubwereze Ntchito 1, kenako mudziyesenso.